Aneba m'masiku a kolona



Lero tikambirane za aneba. Ndikunena anthu amene tinagundizana nawo nyumba, amene timawamva akamatsokomola usiku, amene nkhuku zawo zimatijompholera mpiru kuseri. Ndipo ndikufuna tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku masiku a kolona. Ambiri sitikonda kuwakumbukira masiku amenewo, ndipo m'pomveka. Tinaika abale m'manda. Ena ntchito inatha. Ena geni inagwa osadzukanso. Koma funso langa ndi ili: m'masiku amenewo, anakusungani ndani? Taganizani bwino. Anakusungani ndani?

Tiyambe ndi m'bindikiro umene sunachitike.

Mukukumbukira mmene zinayambira. Pa 20 Malichi 2020, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Peter Mutharika, analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Patangopita masiku atatu, sukulu zonse zinatsekedwa. Apo n'kuti matenda a kolona asanapezeke ndi munthu aliyense m'Malawi muno. Anadzapezeka kumayambiriro kwa Epulo, ku Lilongwe. Sabata isanathe, tinamva kuti munthu woyamba wamwalira nawo, ndipo zinachitikira muno mu Blantyre. Kenaka boma linati kuyambira pa 18 Epulo, aliyense akhale pakhomo kwa masabata atatu.

Tsono taganizirani mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe. Amadzuka m'bandakucha kukapikula. Amakhala padzuwa tsiku lonse. Madzulo amagula kawokumani ka ufa, kamulu ka makala ndi kambale ka bonya. Phindu la lero ndiye nsima ya lero. Mawa adzayambanso pomwepo. Mayi ameneyu mukamuuza kuti akhale m'nyumba masabata atatu, adya chiyani? Nanga ana ake?

Ndiye mavenda anatuluka. Muno mu Blantyre, ngakhalenso ku Mzuzu, anaguba m'misewu. Uthenga wawo unali wakuti njala iwamaliza kolona asanawapeze. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linathamangira kukhoti, kudandaula kuti boma likufuna kutsekera anthu m'nyumba lisanakonze zoti osauka adye. Pa 17 Epulo, m'bindikiro uli pafupi kuyamba, woweruza milandu Kenyatta Nyirenda wa kubwalo lalikulu ku Lilongwe anauimitsa.

Choncho ife sitinatsekeredwe ngati anzathu a ku South Africa, kumene asilikali ankalondera m'misewu. Ife tinkayendabe. Komabe mzinda unasintha ndithu. Ana anakhala pakhomo miyezi yambiri. Ku Kamuzu Stadium kunali zii, matimu a mpira a Maule ndi Manoma osakumana. M'matchalitchi ndi m'mizikiti munkalowa anthu owerengeka. M'minibasi tinkakhala motalikirana, ndipo mtengo unakwera. Maukwati anaimitsidwa. Kwa achibale kumudzi tinasiya kupitako, poopa kukapatsira agogo matenda. Dziko lathu linachepa. Linatsala nyumba, khonde, mpopi ndi aneba.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Dziko litachepa chonchi, tinayamba kuona anthu amene tinkangowadutsa.

Ndiyambe ndi telala wa pakhonde. Dera lililonse lili naye. Kwathu kuno aliko bambo wina wachikulire amene makina ake amakhala pakhonde la golosale. Sukulu zitatsekedwa, mayunifolomu anasiya kubwera. Maukwati ataima, madiresi nawo anaima. Bamboyu ankangokhala, manja ali m'masaya. Ndiye kunabwera nkhani ya masiki. A m'mafamase anali odula, ndipo ankavalidwa kamodzi n'kutaya. Bambo uja anatsegula thumba la zidutswa za nsalu, zija ankasunga pansi pa makina. Anadula, anapinda kawiri, anasokerera lamba wa lasitiki m'mbali. Pofika madzulo, pachingwe cha pakhondepo panali masiki a chitenje a mitundu yonse, akuuluzika ndi mphepo.

Mukuwakumbukira masiki amenewo? Amayi sanachedwe. Anayamba kubwera ndi chitenje chawo, kuti masiki afanane ndi duku, duku lifanane ndi chilundu. Pa Sabata munthu ankatuluka m'nyumba atatchena kuyambira kumutu mpaka pamphuno. Matenda anali oopsa, inde. Koma amayi a mu Blantyre anakana kuti mantha awalande kutchena. Ndipo ndinaona bambo uja akuitana mwana wa neba amene ankadutsa kukamwa kuli poyera. Anamuveka kamasiki kakang'ono, n'kunena kuti, "Pita, amako adzalipira akadzapeza." Aliyense ankadziwa kuti ndalamayo sadzaifunsa.

Pambali pa telala panali ndowa. Ndowa ya pulasitiki yokhala ndi kampopi m'munsi, beseni pansi, ndi kachidutswa ka sopo komangirira kuchingwe kuti kasayende. Inali pakhomo la banki, pakhomo la tchalitchi, ngakhale paokala. Koma tisaiwale kuti ku Mbayani, ku Ndirande kapena ku Bangwe, madzi ndi ogula pakiyosiki. Kusamba m'manja pafupipafupi kunali ndalama. Ndiye m'mapoloti ambiri, mabanja ankasinthana. Lero atunga awa, mawa atunga awo, ndowa ya pakhomo isaume. Palibe anawalembera lamulo limeneli. Anangogwirizana okha.

Nanga ana? Boma linaika maphunziro pawailesi ya MBC. Koma si nyumba iliyonse inali ndi wailesi, ndipo si wailesi iliyonse inali ndi mabatire. Ndiye mumapeza wailesi imodzi ili pampando panja, ana a nyumba zingapo atakhala patalipatali pamasaka, makope ali pamiyendo. Mtsikana wa Fomu 4, amene mayeso ake anali atasunthidwa, ndiye anali mphunzitsi. Sindikubisa, kutseka sukulu kunatipweteka. Atsikana ambiri anatenga mimba, ena anakwatiwa, ndipo sanabwererenso m'kalasi. Bala limeneli lilipobe. Koma ana amene anabwerera ku sukulu akukumbukirabe kuwerenga, ambiri mwa iwo anathandizidwa ndi mwana wa neba.

Ndipo abambo anayamba kufika msanga pakhomo. Mpira kulibe, kumowa akutseka msanga. Ena anatulukira kuti mwana wawo wamng'ono amadziwa kuimba. Ena anadzala repu ndi tchainizi m'masaka kuseri kwa nyumba, n'kumapatsirana mbande pamwamba pa mpanda. Bawo inabwerera pansi pa mtengo wa mango. Mkangano wa Maule ndi Manoma sunathe ayi. Unangosamukira pabawo. Moni wa m'manja titaletsedwa, tinkagundanitsa zigongono, achinyamata n'kumagundanitsa mapazi, agogo n'kumangowomba m'manja mwaulemu monga ankachitira kale. Tinkaseka. M'kati mwa mantha onse aja, tinkaseka ndithu.

Tsopano, omvera, tilowe m'mwezi wovuta. Januwale 2021.

Ambiri tinali titayamba kutayirira. Chisankho cha mtsogoleri wa dziko chinali chitadutsa, sukulu zitatsegulidwa, Khirisimasi titadya. Kenaka matenda anabweranso mwaukali. Pa 12 Januwale, nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anamwalira tsiku limodzi. Kumapeto kwa mwezi womwewo tinataya woimba wathu Wambali Mkandawire. Foni ikalira usiku, mtima unkagunda. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zinatsekedwanso. Misika inkatsekedwa 5 koloko madzulo. Ikakwana 9 koloko usiku, aliyense ankayenera kukhala ali m'nyumba. Uwu ndiye unali m'bindikiro wathu weniweni, ngakhale sunatchulidwe choncho.

Chimene chinatipweteka kwambiri ndi maliro. Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Inu mukudziwa mmene timachitira. Masamba amaikidwa pamsewu. Amayi amalowa m'nyumba kukakhala ndi namfedwa. Abambo amachezera panja, pamoto. Kwaya imaimba mpaka kucha. Mbale ya chipepeso imazungulira. Munthu sulira wekha. Koma m'masiku amenewo, thupi linkachoka kuchipatala molunjika kumanda. Azaumoyo atavala zodzitetezera ndiwo ankanyamula bokosi. Kugona pamaliro kunaletsedwa. Mayi wamasiye ankabwerera kumanda n'kulowa m'nyumba yopanda anthu.

Kodi aneba anangokhala? Ayi. Anapeza njira. Chipepeso chinkayenda pafoni, pa Mpamba ndi pa Airtel Money. M'mawa namfedwa akatsegula chitseko, ankapeza mtolo wa nkhuni pakhonde, kathumba ka ufa, chidebe cha madzi chodzaza. Wabweretsa ndani? Nthawi zina osadziwika n'komwe. Amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati, ankaima kunja kwa mpanda motalikirana, kuimba nyimbo imodzi kapena ziwiri, kupemphera, n'kumabwerera. Sanalowe m'nyumba. Koma wolirayo ankamva kuti panja pali anthu.

Ndikuuzeni zimene ndinaona kufupi ndi kwathu. Mayi wina anapezeka ndi matendawa. Anali yekha ndi ana awiri, bambo ali ku Joni. Achipatala anamuuza kuti adzipatule pakhomo. Neba wake, mayi wachikulire wogulitsa mandasi, ankadzuka m'mawa, kuphika phala, kuthira m'bakuli, kukulunga ndi kansalu kuti lisazizire. Ankaika bakuliyo pawindo, kugogoda kawiri, n'kubwerera m'mbuyo mapazi angapo.

"Aneba, mwadzuka bwanji m'menemo?"

"Ndadzukako pang'ono, amayi. Chifuwachi ndiye sichikusiya."

"Idyani phalalo likadali lotentha. Anawa musadandaule nawo, nsima adyera kuno pakhonde. Mukaona kuti mpweya ukuvuta, menyani khomali, ndimva."

Menyani khomali, ndimva. Nyumba zawo zinali za khoma limodzi. Khoma lomwe lija timadandaula nalo kuti silisunga chinsinsi, linasanduka foni ya usiku. Ndipo mayi wa mandasiyo anali atakambirana kale ndi mnyamata wa galimoto m'deralo, kuti zikavuta athamangire naye kuchipatala cha Gulupu. Mwamwayi sizinafike pamenepo. Mayi uja anachira.

Masiku amenewo mandimu, jinja ndi adyo zinakwera mtengo. Masamba a bulugamu ankathyoledwa, anthu n'kumadzifukiza atafunda bulangete. Madokotala anatiuza momveka kuti zimenezi sizipha kachilomboka, ndipo ananena zoona. Ena anachedwa kupita kuchipatala chifukwa chodalira zofukizazo. Neba wabwino anali amene ankabweretsa mandimu, koma n'kunenanso kuti, "Tiyeni kuchipatala, mpweya wanuwu sukundisangalatsa." Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndipo kuzimira kwina n'kumuuza mnzako zimene sakufuna kumva.

Uneba umenewu sunathere pampanda. Mu Januwale 2021 womwewo, m'zipatala munkasowa mpweya wa okosijeni ndi zipangizo zoperekera mpweyawo. Bambo wina ali gone m'chipatala analemba pa Facebook kupempha thandizo la kachipangizo kolumikizira silinda ya mpweya. Anamwalira. Koma pempho lake linadzutsa anthu. Mlembi wathu Stanley Onjezani Kenani ndi anzake anayambitsa thumba la nzika wamba. Anthu anasonkha. A kuno kumudzi, a ku Joni, a ku Ulaya. Wina zambiri, wina zochepa zimene akanagulira mayunitsi. Anagula masilinda ndi zipangizo, n'kukapereka m'zipatala. Ndipo chimene chinakopa anthu n'chakuti ankalengeza poyera ndalama zimene zalowa ndi zimene zagulidwa.

Ndikutchula zimenezi dala. Chifukwa m'miyezi yomweyo tinamva za K6.2 biliyoni ya boma yolimbana ndi kolona, imene kafukufuku anapeza kuti ina inasakazidwa, yambiri n'kuthera m'ma alawansi. Zinawawa. Zikuwawabe. Mayi wa mandasi ankagawa phala lake, pamene ena ankagawana ndalama za odwala. Amenewo asaganize kuti tinaiwala.

Komanso tisadzinamize kuti ife tonse tinali angelo. Tinasalana. Mukukumbukira abale athu amene anabwerera kuchokera ku South Africa pa mabasi, kudzera pa Mwanza, ntchito zitawathera? Mu Meyi 2020 ambiri anasungidwa ku Kamuzu Stadium podikira zotsatira za kuyezedwa. Anadandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi, ndipo ambiri anathawa. Kuthawako kunali koopsa, sitikana. Koma m'madera mwathu tinayamba kuloza chala aliyense wochokera ku Joni. Anthu omwe aja ankatitumizira ndalama za fizi ndi malata, tinkawatsekera zitseko. Anamwino ena anakanizidwa kukwera minibasi chifukwa cha yunifolomu. Kutalikirana kunali koyenera. Kunyozana kunali kulakwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ambiri amene ankaloza chala anadzadwala okha.

Tsopano titembenukire ku Mandala, ku Sunnyside, ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe. Kumipanda ya njerwa.

Mandala ndi dera lakale. Nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ikadalipo mpaka lero, ndipo khonde lake ndi lalikulu, lozungulira nyumba. Koma nyumba zambiri za m'madera amenewa masiku ano zili kuseri kwa mipanda italiitali, pamwamba waya wamagetsi. Munthu amatuluka pagalimoto, kulowa pagalimoto. Mutha kukhala zaka zambiri osadziwa dzina la wa mpanda winawo. Kolona atabwera, ambiri a kumeneku anayamba kugwirira ntchito kunyumba, pakompyuta. Madzulo, posowa kopita, anayamba kuyenda wapansi m'misewu ya m'dera lawo. Ndipo kumeneko ndiko ena anapatsana moni koyamba. "Kodi inu ndi a geti lobiriwira lija?" Anapatsana manambala. Anatsegula magulu a WhatsApp. Wina akadwala, ena ankamugulira zinthu n'kusiya pageti. Mapeyala ndi mapapaya amene kale ankangowolera pansi anayamba kudutsa pamwamba pa mpanda.

Zimenezo n'zabwino. Koma ndili ndi funso kwa inu a kumipanda. Neba wanu ndani? Kodi ndi yekhayo amene mpanda wake ndi wotalika ngati wanu?

Tsiku lililonse m'mawa, anthu amatsika kuchokera ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chilobwe ndi ku Manase, wapansi, kudzagwira ntchito m'nyumba zimenezi. Alonda, olima maluwa, amayi ochapa ndi olera ana. Kolona atafika, mabwana anagawikana pawiri. Ena anauza wantchito kuti, "Usabwerenso mpaka matendawa atatha," malipiro n'kuima tsiku lomwelo. Munthu amene wakulererani ana zaka zonsezi, n'kumubweza chimanjamanja pa nthawi imene ganyu kulibe. Koma ena anati, "Khalani kunyumba, malipiro muzilandira." Ena anagulira antchito awo masiki ndi sopo wa banja lonse. Ena ankawatenga pagalimoto kuti asakwere minibasi. Ena mlonda atadwala, analipira kuchipatala.

Achimwene alonda muli pageti inu, mukudziwa kuti abwana anu anali a gulu liti. Ndipo abwana, ngati mukumvera, nanunso mukudziwa. Poyamba anthu ankati kolona ndi matenda a anthu okwera ndege. Kenaka tinaona kuti salemekeza geti. Ankalowa ku Namiwawa, ankalowa ku Ndirande, ndipo ankayenda pakati pa madera awiriwa m'mawa ndi madzulo, pamodzi ndi anthu. Umoyo wa bwana unali m'manja mwa wantchito. Umoyo wa wantchito unali m'manja mwa bwana. Amene anazindikira zimenezi anachita bwino, ndipo ndikuwathokoza pano pawailesi. Amene anabweza antchito awo opanda kanthu, ngati munthuyo akadali moyo, nthawi yokonza ikadalipo.

Katemera anafika mu Malichi 2021. Pamenepanso aneba anagwira ntchito. Mphekesera zinali mbwee pa WhatsApp, zoti katemera akupha, zoti akutseketsa kubereka. Ambiri sanakhulupirire nduna kapena chikwangwani. Anakhulupirira ataona mayi wa nyumba yachiwiriyo wabayitsa, wabwera, ndipo mawa lake akuchapa pampopi ali bwinobwino. "Mwabayitsa, aneba? Zikupweteka?" "Ayi, kamkono kokha kakulemera." Basi, mawa lake awiri ena ananyamuka.

Pang'ono ndi pang'ono zinthu zinabwerera. Masiki analowa m'madirowa. Ndowa zija zinabwerera kubafa. Ku Kamuzu Stadium kunayambanso phokoso. Magulu ena a WhatsApp anazizira, ena anasanduka ogulitsirana nkhuku ndi kaunjika. Ena a ife tinayambanso kudutsana osapatsana moni, aliyense ali kalikiliki ndi zake.

Koma Blantyre sanapume nthawi yaitali. Kunabwera kolera, mpaka sukulu za mumzinda muno zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Kenaka mu Malichi chaka chomwecho kunabwera namondwe Freddy. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Misewu inaduka. Magetsi anazima. Asilikali ndi a Red Cross anabwera, ndipo anagwira ntchito yaikulu. Koma oyamba kufika pamatope paja, mvula ikadali kugwa, anali anthu a nyumba zoyandikana, atanyamula makasu ndi mafosholo, ena akukumba ndi manja. Iwo ndiwo ankadziwa kuti apa panali nyumba ya uje, ndipo munkagona anthu angati. Ndipo magalimoto ochokera kumipanda kuja anafika m'masukulu ndi m'matchalitchi mmene anthu anathawira, atanyamula mabulangete, zovala ndi ufa.